Kusiya Kusamba, Makwinya, ndi Mankhwala a Mahomoni

Tsiku lina titamaliza phunziro pa sukulu ya kwacha, mayi wina adatsalira. Anzake onse atatuluka, adamasula mfundo ya chitenje chake natulutsa kabotolo koyera. Adati, "Aphunzitsi, mwana wanga wa ku Johannesburg wanditumizira aka. Akuti ndikamapaka, makwinya atha. Zilembo ndikuzidziwa tsopano, koma mawu ali apawa andikanika."

Ndidalandira kabotoloko ndi kuyang'ana. Padalembedwa mawu a Chingerezi akuti bioidentical hormone. Mayiyo adachita bwino kufunsa asanapake. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mwina inunso tsiku lina mudzalandira kabotolo kotere, kapena mudzamva wina akutamanda mankhwala amenewa. Nkhani ino ikuthandizani kudziwa zoona zake. Muli mawu ena achilendo, koma musataye mtima, tiwamasulira limodzi. Werengani pang'onopang'ono. Nanunso abambo werengani, pakuti nkhaniyi ikukhudza akazi anu, alongo anu ndi amayi anu okubalani.

MAHOMONI NCHIYANI?

Mfumu ikafuna kuti anthu a m'mudzi adziwe kanthu, imatuma mthenga. Thupi lathu nalonso lili ndi amithenga ake. Amithengawa ndi timadzi tochepa kwambiri timene timayenda m'magazi. Dzina lake ndi mahomoni. Anamwino ena amawatchula kuti michere ya m'thupi. Mahomoni ndiwo amauza ziwalo zoyenera kuchita ndi nthawi yochitira. Ndiwo amachititsa kuti mnyamata amere ndevu ndiponso kuti mtsikana amere mawere.

M'mimba mwa mayi, pafupi ndi chiberekero, muli timatumba tiwiri ta mazira. Timatumba timeneti timapanga mahomoni awiri ofunika. Yoyamba ndi esitirojeni. Pa mabotolo amalemba kuti estrogen kapena oestrogen. Yachiwiri ndi pulojesiteroni. Pa mabotolo amalemba kuti progesterone. Mahomoni awiriwa ndiwo amayendetsa msambo mwezi ndi mwezi, ndipo amakonza chiberekero kuti chilandire mwana. Esitirojeni ili ndi ntchito zinanso. Imalimbitsa mafupa, ndipo imasunga khungu kuti likhale lofewa ndi lokhuthala.

KUSIYA KUSAMBA

Mayi akamakula, mazira a m'timatumba tija amanka natha. Mahomoni nawonso amayamba kuchepa. Msambo umayamba kudumphadumpha. Mwezi uno ubwera, miyezi iwiri osabwera, kenaka nkubweranso. Potsiriza umalekeratu. Mayi akakhala miyezi 12 yathunthu osasamba, timati wasiya kusamba. Amayi ambiri izi zimawachitikira ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55.

Kusiya kusamba si matenda ayi. Sikulodzedwanso. Ndi msinkhu chabe, monga momwe kutha msinkhu kudaliri pa utsikana. Komabe nthawi imeneyi amayi ena amavutika. Thupi limatentha mwadzidzidzi, makamaka kumaso, m'khosi ndi pachifuwa. Usiku thukuta limatuluka mpaka zofunda kunyowa. Tulo timasowa. Mtima sukhala m'malo, ndipo kukwiya sikuchedwa. Ena amauma kumalo obisika, kotero kuti amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi amuna awo. Koma alipo amayi ena amene amadutsa nthawi imeneyi osamva vuto lalikulu.

Kumbukirani chinthu chimodzi. Pamene msambo ukudumphadumpha, mayi angathe kutengabe mimba. Musasiye kulera musanafunse anamwino.

CHIMACHITIKA NCHIYANI PA KHUNGU?

Tsinani pang'ono khungu la kuseri kwa dzanja lanu, kenaka lisiyeni. Mwaona? Labwerera pamalo pake. Khungu la mwana limabwerera msanga. Khungu la agogo limachedwa. Chifukwa chake nchiyani?

Khungu lili ndi magawo. Gawo la pamwamba ndi lopyapyala, ndipo limafundula pang'onopang'ono masiku onse. Pansi pake pali gawo lokhuthala. M'gawo limeneli muli timaulusi tambirimbiri tolukanalukana ngati mphasa. Timaulusi timeneti dzina lake ndi kolajeni. Kolajeni mumaidziwa kale ngakhale dzina lake ndi lachilendo. Mukaphika mang'ina, msuzi wake ukazizira umagwirana nkumanjenjemera m'mbale. Chimene chimagwiranitsa msuziwo ndi kolajeni yochokera m'khungu ndi m'mitsempha ya ng'ombe.

Munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, kolajeni yake imachepa akamakalamba. Koma kwa mayi, imachepa mofulumira pa nthawi yosiya kusamba, chifukwa esitirojeni ndiyo idali kuthandiza khungu kupanga kolajeni yatsopano. Madokotala a khungu amati pa zaka 5 zoyamba mayi atasiya kusamba, khungu limataya magawo pafupifupi 30 mwa magawo 100 a kolajeni yake. Pambuyo pake limataya pafupifupi magawo 2 mwa 100 chaka chilichonse.

Tsono mphasa ikatha ulusi, imakhwepa. Khungu nalonso limatero. Limapyapyala, limachita makwinya, ndipo masaya amagwa. Silisunganso madzi ndi mafuta monga kale, chomwecho limatuwa mbuu ndi kuyabwa. Bala nalonso limachedwa kupola.

Apa ndi pamene anthu adayamba kudzifunsa kuti, ngati vuto ndi kuchepa kwa esitirojeni, bwanji osangoibwezera m'thupi? Funsoli ndi lanzeru. Koma yankho lake lili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo yambiri idachitikira ku America.

MBIRI YA MANKHWALAWA

M'chaka cha 1929, akatswiri awiri adapeza njira yopatula esitirojeni kuchokera m'mkodzo wa amayi apakati. Wina adali Edward Doisy wa ku America, wina Adolf Butenandt wa ku Germany. Aliyense adagwira ntchitoyi payekha.

M'chaka cha 1942, ku America kudayamba kugulitsidwa mapiritsi otchedwa Premarin. Mapiritsi amenewa amapangidwa kuchokera ku mkodzo wa akavalo aakazi amene ali ndi bere. Esitirojeni ya kavalo imagwira ntchito m'thupi la munthu, koma siifanana ndendende ndi ya munthu.

M'chaka cha 1966, dokotala wina wa ku New York, Robert Wilson, adalemba buku lotchedwa Feminine Forever. Bukuli lidalimbikitsa amayi kumwa esitirojeni kuti asakalambe msanga. Amayi ambirimbiri adayamba kumwa. Koma m'chaka cha 1975 madokotala adapeza chinthu choopsa. Amayi amene ankamwa esitirojeni yokha adali kudwala khansa ya m'kati mwa chiberekero kuposa anzawo. Chifukwa chake ndi ichi. Esitirojeni imakhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero. Pulojesiteroni ndiyo imaletsa kuti khungulo lisakule mopitirira. Kuyambira pamenepo, mayi amene ali ndi chiberekero amapatsidwa mahomoni onse awiri pamodzi. Amene adachotsedwa chiberekero ndiye angamwe esitirojeni yokha.

Kenaka boma la America lidachititsa kafukufuku wamkulu wotchedwa Women's Health Initiative. M'gawo limodzi la kafukufukuyu mudali amayi 16,608 a zaka za pakati pa 50 ndi 79. Ena ankamwa mahomoni, ena ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. M'chaka cha 2002 gawo limeneli adaliimitsa nthawi yake isanakwane. Adapeza kuti mwa amayi 10,000 omwa mahomoni, amayi 38 ankadwala khansa ya m'mawere pa chaka. Mwa amayi 10,000 osamwa, odwala adali 30. Ndiye kuti odwala adaonjezeka ndi 8. Matenda a sitiroko, a mtima, ndi a kuundana kwa magazi m'mitsempha nawonso adaonjezeka. Ubwino udaliponso, pakuti omwa mahomoni sankathyoka mafupa kawirikawiri ngati anzawo.

Nkhaniyi itamveka, amayi ambiri adachita mantha nasiya mankhwala. Koma kutentha thupi ndi thukuta la usiku sizidawasiye. Adayamba kufunafuna mankhwala ena amene ankati ndi achilengedwe. Apa ndi pamene mawu akuti bioidentical adatchuka. M'chaka cha 2004, mayi wina wotchuka pa zisudzo za pa kanema, Suzanne Somers, adalemba buku lotamanda mahomoni amenewa, ndipo anthu ambiri adalikhulupirira. Mayiyu sadali dokotala.

Pambuyo pake madokotala adaunikanso bwino zotsatira za kafukufuku uja. Adaona kuti amayi ambiri amene adali m'kafukufukumo adali achikulire, a zaka zopitirira 60. Lero madokotala ambiri amagwirizana kuti kwa mayi wathanzi amene sanakwane zaka 60, kapena amene sipanathe zaka 10 chisiyire kusamba, ubwino wa mahomoni pochiza kutentha thupi kovutitsa umaposa kuopsa kwake. Kwa amene wapitirira pamenepo, kuopsa kumakula.

TANTHAUZO LA MAWU AKUTI BIOIDENTICAL

Mawu amenewa amatanthauza kuti homoni ya m'botolo ndi yofanana ndendende ndi imene thupi la munthu limapanga lokha. Taganizani za loko ndi kiyi. Kiyi wa nyumba akatayika, mumapita kwa wosula makiyi. Akasula kiyi wofanana ndendende ndi woyamba uja, chitseko chimatseguka bwinobwino. Kiyi wina wongofananako pang'ono angathenso kutsegula, koma si yemweyo. Esitirojeni ya kavalo ili ngati kiyi wongofananako. Homoni ya bioidentical ili ngati kiyi wosulidwa ndendende.

Ogulitsa amakonda kunena kuti mahomoni amenewa ndi achilengedwe chifukwa amachokera ku zomera. Nzoona kuti chiyambi chake ndi zomera, makamaka soya ndi chilazi cha kutchire. M'zaka za m'ma 1940, katswiri wina wa ku America, Russell Marker, adapita ku Mexico napeza njira yopangira pulojesiteroni kuchokera ku zilazi za kutchire za kumeneko. Koma m'chilazimo mulibe pulojesiteroni. Muli chinthu china chimene amachisintha m'fakitale kufikira chitasanduka homoni. Thupi la munthu silingathe kuchita ntchito imeneyi palokha. Thonje la m'munda si malaya. Liyenera kupita ku fakitale kaye, kenaka kwa telala. Chomwecho kudya chilazi kapena kupaka mafuta a chilazi sikukupatsani pulojesiteroni.

Mfundo yaikulu nayi. Kiyi wofanana ndendende amatsegula zitseko zonse zimene kiyi woyamba ankatsegula, zabwino ndi zoipa zomwe. Esitirojeni ya bioidentical imaziziritsa thupi lotentha, inde. Koma imakhuthalitsanso khungu la m'chiberekero monga esitirojeni ina iliyonse. Mawu akuti chachilengedwe satanthauza kuti chinthu nchosaopsa. Bowa wakupha nayenso ndi wachilengedwe.

MITUNDU IWIRI YA MAHOMONI A BIOIDENTICAL

Pano mvetsetsani bwino, chifukwa anthu ambiri amasokonezeka. Dzina ndi limodzi, koma mitundu ndi iwiri.

Mtundu woyamba ndi wopangidwa m'mafakitale akuluakulu, woyesedwa pa anthu ambiri, ndi wovomerezedwa ndi boma. Piritsi lililonse lili ndi muyezo wofanana ndi linzake. M'bokosi mumakhala pepala lofotokoza kamwedwe ndi kuopsa kwake. Esitirojeni ya mtundu umenewu amailemba kuti estradiol. Ilipo ya mapiritsi, ya mafuta opaka pa mkono kapena pa ntchafu, ndiponso ya kapepala komata pakhungu ngati pulasitala. Yopaka ndi yomata siundanitsa magazi kwambiri ngati yakumwa. Pulojesiteroni yake imakhala ya makapisozi akumwa. Kafukufuku wa ku France adaonetsa kuti pulojesiteroni yotereyi ingakhale yoopsa pang'ono pa khansa ya m'mawere kusiyana ndi ya mtundu wakale. M'chaka cha 2018 ku America adavomereza kapisozi wina wotchedwa Bijuva, wokhala ndi mahomoni onse awiri pamodzi. Mankhwala onsewa amaperekedwa ndi dokotala.

Mtundu wachiwiri ndi wosakanizidwa ndi manja m'masitolo ena a mankhwala, botolo limodzi la munthu mmodzi. Ogulitsa amati amayeza malovu anu kaye, kenaka nkukusakanizirani muyezo wa thupi lanu lokha. Zimamveka zokoma. Koma mahomoni a mayi wa msinkhu umenewu amakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, kotero kuyeza malovu sikungauze munthu muyezo woyenera. Mankhwalawa sadayesedwe pa anthu ambiri monga a mtundu woyamba. Akatswiri atayeza ena mwa iwo, adapeza kuti m'mabotolo ena mudali homoni yochuluka kuposa yolembedwa, m'mabotolo ena yochepa. Zili ngati kuthira mchere m'ndiwo uli mu mdima.

Ena amaika timibulu ta mahomoni pansi pa khungu, timene timasungunuka kwa miyezi ingapo. Muyezo ukachuluka, nkovuta kutichotsa. Enanso amapereka pulojesiteroni yopaka pakhungu. Imeneyi siilowa m'magazi mokwanira kuti iteteze chiberekero. Mayi amadziona ngati watetezedwa pamene sanatetezedwe.

M'chaka cha 2008, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, lotchedwa FDA, lidachenjeza masitolo 7 a mankhwala chifukwa chonena zabodza zakuti mahomoni awo osakaniza ndi abwino kuposa ovomerezedwa. M'chaka cha 2020, bungwe lalikulu la akatswiri a sayansi ndi zachipatala la dziko lomwelo lidaunika umboni wonse, ndipo lidalangiza kuti mahomoni osakaniza azipatsidwa kwa anthu ochepa okha, monga amene thupi lawo limadana ndi chinthu china cha m'mankhwala ovomerezedwa. Paja adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

NANGA MAKWINYA AMATHADI?

Tibwerere ku funso la mayi uja. Yankho lili pawiri.

Nzoona kuti esitirojeni imathandiza khungu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, madokotala a ku London ndi kwina adaona kuti amayi olandira esitirojeni adali ndi kolajeni yambiri kuposa anzawo. Khungu lawo lidali lokhuthalako, ndipo silinkauma kwambiri.

Koma makwinya a kumaso ndi nkhani ina. Ku America kudachitika kafukufuku wotchedwa KEEPS. Amayi amene adangosiya kumene kusamba adawagawa m'magulu. Ena adalandira esitirojeni ya kavalo, ena ya bioidentical yomata pakhungu, ena mankhwala opanda kanthu. Adawatsatira kwa zaka 4. Zotsatira za khungu zidatuluka m'chaka cha 2016. Pa makwinya panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa maguluwo. Chimene chidaoneka bwino nchakuti amayi akuda adali ndi makwinya ochepa kuposa azungu, kaya adalandira mahomoni kaya ayi. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake ku dzuwa.

Dziwaninso kuti esitirojeni ingathe kubweretsa zigamba zakuda pamphumi ndi m'masaya, zonga zimene amayi ena amachita ali ndi pakati. Ndipo mayi akasiya mankhwala, khungu limapitiriza kukalamba monga mwa nthawi zonse.

Kaamba ka zimenezi, mabungwe akuluakulu a madokotala salangiza kuti mayi amwe mahomoni chifukwa cha makwinya okha. Mahomoni ndi ochizira kutentha thupi kovutitsa, thukuta losowetsa tulo, kuuma kwa kumalo obisika, ndi kuteteza mafupa. Amathandizanso kwambiri mayi amene wasiya kusamba akadali wamng'ono, asanakwane zaka 40 kapena 45. Khungu likakoma, imeneyo ndi basera chabe. Munthu sagula thumba la chimanga chifukwa chofuna basera.

AMENE SAYENERA KULANDIRA MAHOMONI

Kawirikawiri dokotala sapereka mahomoni, a bioidentical kapena ena alionse, kwa mayi wotere:

1. Amene adadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya m'chiberekero.
2. Amene magazi ake adaundanapo m'mwendo kapena m'mapapo.
3. Amene adadwalapo sitiroko kapena nthenda ya mtima.
4. Amene akudwala chiwindi.
5. Amene akutaya magazi kumalo obisika popanda chifukwa chodziwika.
6. Amene akuganiza kuti ali ndi pakati.

Wogulitsa pa msika kapena pa foni sakufunsani zonsezi. Iye akufuna ndalama yanu. Dokotala ndiye amafunsa, amayeza kuthamanga kwa magazi, ndi kupima mawere.

Mfundo ya nambala 5 ndiibwereze. Ngati mudasiya kusamba chaka chathunthu, kenaka mwaonanso magazi, ngakhale kadontho kokha, musanene kuti utsikana wabwerera. Pitani ku chipatala sabata yomweyo. Nthawi zambiri si khansa, koma nthawi zina ndi chizindikiro chake choyamba. Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri pa dziko lonse. Khansa ikapezeka msanga, imachizika. Musachite manyazi. Mbewa ya manyazi idafera ku una.

Chenjezo lina ndi la ana. Mafuta a esitirojeni opaka pa mkono angathe kupakika pa mdzukulu amene mwamunyamula. Mwana akamakhudza mafutawo kawirikawiri angayambe kumera mawere nthawi isanakwane. Mankhwala otere asungidwe patali ndi ana, ndipo wopaka asambe m'manja.

ZIMENE MUNGACHITE KUTI KHUNGU LIKHALE BWINO

Zinthu zimene zimasamaladi khungu nzotsika mtengo, ndipo zina nzaulere.

Choyamba, dzitetezeni ku dzuwa. Taonani khungu la pa ntchafu yanu, ndipo mulifananize ndi la kumaso ndi la kuseri kwa manja. Zaka zake nzofanana, koma lobisika lija nlosalala. Kusiyana kumeneko ndi ntchito ya dzuwa. Dzuwa limadula timaulusi ta kolajeni. Polima valani chipewa chachikulu cha mlaza ndi malaya a manja aatali. Lawirirani ku munda, ndipo dzuwa likafika pa liwombo khalani pa mthunzi.

Chachiwiri, siyani fodya. Utsi wa fodya umawononga kolajeni ndi kubweretsa makwinya msanga. Amayi osuta amasiyanso kusamba msanga kuposa osasuta, ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Chachitatu, dzolani mafuta mukangotha kusamba m'thupi, khungu lisanaumiretu. Mafuta wamba monga Vaseline kapena gilisalini amatsekera madzi m'khungu. Musasambe madzi otentha kwambiri. Musadzikhule kwambiri ndi mwala kapena chinkhupule. Sopo wochapira zovala, makamaka waufa, amaumitsa khungu.

Chachinayi, idyani zakudya za magulu onse. Thupi limapanga kolajeni kuchokera ku zakudya zomanga thupi monga nyemba, nandolo, mtedza, mazira, nsomba ndi nyama. Limafunanso vitamini C, amene amapezeka m'magwafa, malalanje, mango, mapapaya, malambe ndi masamba obiriwira. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe zimalimbitsa mafupa, amene nawonso amafooka mayi akasiya kusamba.

Chachisanu, pewani mafuta oyeretsa khungu. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu, pomwe khungu la mayi wa msinkhu uno lapyapyala kale. Ena ali ndi mekyule, amene amawononga impso. Ena amasiya zigamba zakuda bii zimene sizichoka. Amachotsanso chitetezo chija chimene khungu lakuda lili nacho.

MUKALANDIRA KABOTOLO

Tsopano mukudziwa kuwerenga, ndipo limeneli ndi dalitso lalikulu. Musanamwe kapena kupaka mankhwala alionse, werengani. Funani dzina la homoni imene ilimo. Funani muyezo wake m'manambala. Funani dzina la fakitale ndi tsiku lothera mphamvu. Onani ngati muli pepala la machenjezo. Botolo lolonjeza zambirimbiri, monga kuthetsa makwinya, kuchepetsa thupi ndi kubweza utsikana, koma losatchula kuopsa kulikonse, likayikireni. Mankhwala enieni amanena zoipa zake zomwe.

Ku Malawi kuno bungwe loona za mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mwachidule PMRA. Ndilo limalembetsa mankhwala ndi masitolo ogulitsa mankhwala. Gulani mankhwala m'sitolo yovomerezedwa yokha.

Ngati kutentha thupi kapena kusowa tulo kukukulepheretsani ntchito, pitani ku chipatala mukafotokoze. Tengani kabuku kanu ka ku chipatala ndi kabotolo kalikonse kamene muli nako. Nenani mwezi umene mudasamba komaliza. Nenani matenda amene mudadwalapo, ndiponso ngati amayi anu kapena abale anu aakazi adadwalapo khansa ya m'mawere. Funsani mafunso atatu awa. Mankhwalawa andithandiza chiyani? Kuopsa kwake nkotani kwa ine? Ndidzabwerenso liti kuti mudzandione? Alipo mankhwala ena opanda mahomoni amene amachepetsa kutentha thupi. Kuuma kwa kumalo obisika nakonso kuli ndi mankhwala ake a muyezo wochepa, oika pamalo pomwepo.

Inu abambo, akazi anu akamataya zofunda usiku kapena akamapsa mtima msanga, musawanyoze. Aperekezeni ku chipatala.

Mayi wa kabotolo uja tidawerenga naye limodzi mawu onse, chilembo ndi chilembo. Muyezo sudalembedwe. Pepala la machenjezo munalibe. Ndidamfunsa ngati thupi limamtentha kapena ngati amasowa tulo. Adati ayi, vuto lake lidali kutuwa ndi kuyabwa kwa khungu basi. Adanyamula kabotoloko kupita nako kwa anamwino, ndipo adamuuza kuti asapake. Adagula mafuta wamba ndi chipewa cha mlaza. Kenaka adakhala pansi nalembera mwana wake kalata ndi dzanja lake, yothokoza ndi yofotokoza chifukwa chake. Makwinya ake alipobe, monga momwe anga ayambira, pakuti inenso zaka 40 ndidazipitirira. Koma kuyabwa kudachepa, ndipo mwana wake adasiya kutaya ndalama.

MAWU ATSOPANO

Mahomoni: timadzi toyenda m'magazi touza ziwalo zochita.
Esitirojeni: homoni yoyendetsa msambo, yolimbitsa mafupa ndi khungu.
Pulojesiteroni: homoni yoteteza khungu la m'kati mwa chiberekero.
Kolajeni: timaulusi tolimbitsa khungu.
Bioidentical: chofanana ndendende ndi chimene thupi limapanga.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mayi timati wasiya kusamba akakhala miyezi ingati osasamba?
2. Nchifukwa chiyani khungu limapyapyala mayi akasiya kusamba?
3. Fotokozani kusiyana kwa mitundu iwiri ya mahomoni a bioidentical.
4. Nchifukwa chiyani mayi amene ali ndi chiberekero sayenera kumwa esitirojeni yokha?
5. Mnzanu adasiya kusamba zaka 3 zapitazo, ndipo lero waona magazi. Mungamulangize zotani?
6. Lembani m'kope mwanu zinthu 5 zosamalira khungu, ndipo muchonge chimodzi chimene muyambe sabata ino.